Kabowo Kamene Alamu Ankaletsa

Pikapu ya alamu anga a Makawa aliyense wa kuno kunsi kwa Michesi amaidziwa, osati chifukwa chokongola, koma chifukwa paliponse pamene inkaima inkasiyapo zake ngati mbuzi. Kutchalitchi kuli banga lake lakuda, kuchigayo kuli banga lake, ngakhale kumanda. Chimene chinkadontha ndi oyilo wa mu difu, chitsulo chonga dzungu chomwe chili pakati pa matayala akumbuyo. Dzina limeneli sindinkalifuna m'mutu mwanga. Ndinalidziwa monga mmene mayi amadziwira dzina la matenda a mwana wake.

A Makawa ndi amuna a achemwali anga aakulu, a Lozina. Pamudzi pathu ndi mkamwini, koma chigulireni galimoto ija, n'kusankhidwanso kukhala mkulu wa mpingo, amayenda ngati ndife amene tinabwera kudzapempha malo kwawo. Jekete savula ngakhale dzuwa la Okutobala likuswa mtengo. Ulaliki wawo unali umodzi chaka chonse: zithumwa, asing'anga, ndi akazi osadzisunga.

Ulendo wa ku Kasungu unayamba ndi foni ya mng'ono wanga Esitere. Iye anapita kumeneko ndi mwamuna wake kukakhala matenanti pa esiteti ya fodya, monga amachitira ambiri a kwathu kuno. Fodya atagulitsidwa, mwamunayo anati akupita kutauni kukagula malata, ndipo mpaka lero akusankhabe malatawo. Mwini esiteti anauza Esitere kuti pofika Loweruka akhale atatuluka m'nyumba, chifukwa kukubwera matenanti atsopano. Kapitawo wa pamenepo, bambo wa akazi awiri kale, anati kwake kuli chipinda.

"Achemwali," anatero Esitere pafoni, "mukapanda kufika Loweruka, ndilowa kwa akapitawo. Ndili ndi ana awiri, makina osokera aja anandisiyira amayi, ndi mbuzi. Sindingagone nazo pamsewu."

Ndinkadziwa chimene chipinda cha kapitawo chimatanthauza, ndipo ndinkadziwanso chimene mudzi wathu ungachite ndi mkazi amene wagonamo. Dzina lake likanawerengedwa kutsogolo kwa mpingo, ndipo palibe mayi akanamubweretseranso nsalu yoti asoke. A Lozina anachonderera amuna awo, iwo n'kuvomera ngati akupereka magazi. Tinanyamuka Lachinayi m'mawa, ine ndi a Makawa. Galimoto yabwinobwino ulendo umenewu imauyenda tsiku limodzi, ndiye ndinati nthawi tili nayo yambiri.

Tisananyamuke anaika dzanja pa boneti n'kupemphera. Anapempherera msewu, matayala, madalaivala oledzera, boma, ndi ana a sukulu. Ine ndinatsinzina diso limodzi lokha, ndipo ndi linalo ndinaona kadontho kakugwa kumbuyo kwa galimoto pempherolo lisanafike pa ameni.

Pa Migowi anaima n'kunyamula amayi a matumba a nandolo. Ndinawakumbutsa kuti ulendowu ndi wa banja.

"Alamu, galimoto simwa madzi a pachitsime," anayankha motero, akutambasula dzanja pazenera kuti alandire za matola.

Pa Jali anawonjezera bambo wa tambala m'dengu ndi mayi wa matemba. Tikufika ku Zomba, fungo la matemba linali litagonja kale. Oyilo wa mu difu akatentha amanunkha ngati mazira owola, ndipo fungolo linkalowa mpaka kutsogolo kumene tinakhala.

Galaja yoyamba inali pansi pa mtengo wa mango, kuseri kwa msika. Makaniko analowa kunsi, n'kutuluka ndi mawu amene ndinadzawamva mpaka kutopa nawo: silu yatha. Silu ndi kamphira kozungulira kamene kamatsekera oyilo kuti asatuluke. A Makawa anati silu imeneyo anaisinthitsa mwezi wathawu ku Limbe, ndipo mwezi winawo ku Chitakale. Makaniko anangokweza mapewa n'kuyamba kumasula. Ali mkati mogwira ntchito, ndinaona dzanja lake likukwera pamwamba pa chitsulo chija, likufufuza chinachake. Alamu anga, amene sagwada ngakhale popemphera poopa kudetsa thalauzi, anagwada m'fumbi.

"Pamwambapo ayi. Pamenepo musakhudzepo, ndinakonzetsa kale."

Makaniko anawayang'ana, n'kuyang'ana mnzake, onse awiri n'kumwetulira. Ndinaziona, koma maganizo anga anali ku Kasungu.

Silu ya ku Zomba inatiperekeza mpaka ku Liwonde basi. Titaima pafupi ndi mlatho kuti mayi wa matemba atsike, dontho lija linali litayambiranso, tsopano likuthamanga. Apa m'pamene bambo wa tambala anaonetsa nzeru zake. Anati iye anakhalapo kondakitala wa lole, ndipo mankhwala a chilichonse chodontha ndi sopo wochapira. Anagula sopo, anamutafuna pang'ono kuti afewe, n'kumata dzungu lonse. A Makawa anaimirira pambali manja ali kumbuyo, akugwedeza mutu ngati dokotala wamkulu. Tisanafike ku Balaka sopoyo anali atasungunuka, ndipo kondakitala wakaleyo anatsika ndi tambala wake osatsanzika n'komwe.

Ku Balaka tinagona kwa mnzawo wa mpingo. Iwo anawaphera nkhuku n'kuwapatsa bedi, ine mphasa pafupi ndi matumba a chimanga. Sindikudandaula za mphasa, ndinakulira pamphasa. Chimene chinandiwawa n'choti m'mawa mwake, dzuwa likukwera, iwo anavomera kutsogolera mapemphero a pabanjapo, ndipo anasankha mutu wa mkazi wa Loti.

Makaniko wa ku Balaka anati anzake a ku Zomba ndi ana, vuto si silu koma chivundikiro cha kumbuyo kwa difu. Anachimasula, anachipaka silikoni wofiira, n'kunena kuti tidikire aume. Nayenso dzanja lake linakwera pamwamba paja, nayenso analetsedwa. Ndiye tinadikira. Ndinakhala pa tayala lakutha n'kumaona mabasi a ku Lilongwe akudutsa limodzi ndi limodzi, odzaza anthu amene alibe alamu a galimoto. Ndinaganiza zokwera limodzi mwa mabasiwo, koma ndikanakafika kwa Esitere ndi chiyani? Makina osokera ndi mbuzi sindikanazibereka kumsana.

Ndinamasula nyemba za kalongonda zimene ndinaphika kunyumba. Alamu anandinong'oneza kuti ndibise, zakudya zimenezo n'zochititsa manyazi pagulu, anthu adziwa kuti ndife a kumudzi. Ndinawauza kuti anthu adziwa kale, aona galimoto. Patapita kanthawi anabwera kudzakhala chondifulatira, dzanja lokha likubwera kumbuyo kudzatapa m'mbale.

Esitere anaimba tili pomwepo. Foni yake ankatchajitsa kwa kapitawo, chifukwa ndi yekhayo amene anali ndi sola pa esiteti yonse.

"Muli pati?"

"Tadutsa Balaka," ndinanama pang'ono.

"Akapitawo atumiza kale ngolo kuti iyambe kututa katundu. Ndawauza kuti abale anga ali m'njira."

"Tili m'njira, mwana wa amayi. Usakweze kanthu m'ngolomo."

Pokwera mapiri a ku Ntcheu difu inayamba kulira, kulira kwake kwa kamwana ka galu kotsekeredwa panja. Oyilo anali atatha. Tinaima, iwo n'kugula wina wa m'mabotolo kwa anyamata a m'mbali mwa msewu, ndipo amene anagwira paipi pothira ndinali ine, popeza jekete silifuna oyilo. Pa Lizulu, galimoto ikudwala choncho, ananyamula matumba a mbatata ya kachewere ndi mayi mwini wake, mayi wonenepa wansangala amene anandifunsa ngati bambowa ndi amuna anga. Ndinati Mulungu sanandide choncho. Anaseka mpaka ku Dedza, kumene kuzizira kunatitseka pakamwa tonse.

Za ku Lilongwe sindinena zambiri. Tinagona m'galimoto, ndipo m'mawa wa Loweruka unathera m'mashopu a zitsulo, a Makawa akukangana ndi aliyense za silu yeniyeni ndi silu yabodza. Pomwe tinkatuluka mumzinda dzuwa linali pamutu. Ndinawerengera m'mutu kuti tikhoza kufikabe kusanade, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinayamba kuimba kanyimbo chamumtima.

Tikulowa pa Mponela, ngolo ya ng'ombe inatulukira kutsogolo kwathu. Alamu anaponda buleki, galimoto n'kukhotera kumbali ngati yaledzera, n'kukaima m'ngalande, mphuno yake itatsala pang'ono kugunda tebulo la mayi wa tomato. Oyilo uja, atatopa ndi kutsekeredwa kutsogolo ndi kumbuyo, anali atapeza njira ina. Anatulukira kutayala n'kunyowetsa mabuleki.

Anthu anatithandiza kuikankhira ku galaja. Makaniko wa pamenepo anali bambo wamimba, akudya chimanga chootcha, ndipo sanafulumire kuimirira. Anati silu ya kutayala ayisintha, mabuleki awatsuka, koma kaye aone kopumira. Anatambasula dzanja.

"Pamwambapo ayi," anatero alamu.

"Bwana, nanga..."

"Ndati ayi. Galimotoyi ndi yanga. Inu sinthani silu."

Silu imene anagula ku Lilongwe inapezeka kuti ndi ya galimoto ina. Anakwera kabaza kupita kukafuna ina kumsika, akutukwana anthu a ku Lilongwe m'mawu a m'Baibulo. Ndinatsala ndi bambo wamimba uja.

"Bambo, pamwamba pamene akuletsapo pali chiyani?"

Anamaliza kaye mzere wa chimanga. "Mayi, difu ikatentha imafuna kupuma. Pamwambapo pali kabowo kotulutsira mpweya. Kakatsekeka, mpweya umakankha oyilo, oyilo n'kuboola silu. Mukhoza kusintha silu mpaka Yesu adzabwere."

"Ndiye a ku Zomba ndi a ku Balaka sanadziwe zimenezi?"

"Anadziwa. Ndani sadziwa? Koma mwini galimoto akafuna silu, timamugulitsa silu." Anataya chitsononkho. "Ena amaikamo zinthu zawo m'menemo. Ine sindikhudza zinthu za eni ake, ndili ndi ana."

Ndinamuyang'ana bambo ameneyu, n'kukumbukira kumwetulira kwa anzake aja, ndipo ndinanyansidwa nawo onse, kuyambira ku Limbe mpaka ku Mponela. Amuna akuluakulu, masipanala m'manja, akuona vuto ndi maso awo n'kumalisisita chifukwa limawadyetsa. Ndinamanga chitenje changa zolimba, ndinapempha kawaya, n'kulowa kunsi kwa galimoto chagada.

Kabowoko sikanavute kupeza. Kachipewa kake kachitsulo kanachotsedwa kalekale, ndipo m'malo mwake munali phula lakuda, lomatidwa bwinobwino ndi chala cha munthu. Ndinakolokosa ndi waya. Phula litachoka ndinakoka kansanza, ndipo difu inatulutsa mpweya, psii, ngati munthu amene wamasula lamba atakhuta. Ndinatuluka nako kunja n'kukaona padzuwa. Kanali kanthu kochepa ngati chala chaching'ono: kansalu kakuda kokulungidwa ndi ulusi wofiira, mkanda umodzi woyera, ndi kachidutswa ka singano. Ndinakulira kumudzi, palibe amene akanandiuza kuti n'chiyani. Mkulu wa mpingo, mdani wa zithumwa, anapita ndi galimoto yake kwa sing'anga kukaitsirika kuti anthu ansanje asaigwetse, ndipo sing'angayo, pofuna malo obisika, anasankha mphuno yopumira.

Makaniko anabwerera m'mbuyo. "Mayi, zimenezo musandiyandikizire."

Ndinakamanga pa nsonga ya chitenje, pamene ndimamanga ndalama ya kuchigayo. Ndinamuuza kuti apezepo kachipewa kena aikepo, ndipo asanene kanthu. Anapeza ka galimoto ina yakufa, n'kuikapo.

Alamu anabwera mochedwa ndi silu yawo, akuti ya ku Japan yeniyeni. Pomwe ankamaliza kuiika ndi kutsuka mabuleki, dzuwa linali likulowa. Ndinawapempha kuti tipitirire. Anati nyali imodzi siyaka, ndipo iwo sayenda usiku ngati mfiti. Mawu amenewo anawanena akundiyang'ana m'maso, kanthu kawo kali pa chitenje changa.

Ndinaimbira Esitere. Anayankha mwamuna.

"Mayi aja ali bwinobwino, musadandaule," anatero kapitawo, mawu ake ofewa ngati a munthu wakhuta. "Tawalandira. Akukonza m'chipinda."

Sindinalire. Ndinakhala pa tayala lina lakutha n'kumayang'ana a Makawa akupukuta nsapato zawo ndi mpango.

Lamulungu m'mawa galimoto inayenda ngati yatsopano. Pa Madisi anaima, anasuzumira kunsi, n'kupeza pouma. Anaimanso patsogolo, pouma. Anayamba nyimbo ya chiyamiko, n'kundiuza kuti chimene chimafunika pa moyo ndi pemphero ndi kudziwa kusankha silu. Ndinati zoonadi, alamu.

Pa esiteti tinafika dzuwa litakwera. Nyumba imene ankakhala Esitere inali kale ndi eni ake atsopano, anthu a kwathu komwe kuno, a ku Chiwalo, amene anatilozera kwa kapitawo ndi milomo. Tinamupeza Esitere akusesa pabwalo la mwini wake, akazi awiri aja atakhala pakhonde akumuyang'ana. Mbuzi inali yomangidwa pamtengo, makina osokera ali pakhomo pa chipinda. Atationa anaika tsache pansi bwinobwino, n'kuyamba kututa katundu. Zimene zinachitika m'chipinda chimenecho sindinamufunse, ndipo sindidzamufunsa.

Kapitawo sanavute, anangoti chakudya cha dzulo ndi chaulere. Amene anavuta ndi alamu. Katundu atakwera, ana atakhala pa matumba, anandiitanira kutsogolo kwa galimoto n'kukonza kolala ya jekete. Esitere anali pafupi, akumva zonse.

"Alamu, nkhani iyi ndi yolemera. Mkazi wa mwini wagona m'nyumba ya mwamuna wina. Ine monga mkulu wa mpingo sindingaibise. Tikafika ndikaitula kwa akulu anzanga, ndipo ayambe waima kaye pa mgonero."

"Mwanena bwino," ndinatero. "Zobisa si zabwino."

Ndinamasula nsonga ya chitenje n'kuika kanthu kaja pa boneti, pomwe paja anaika dzanja popemphera.

"Aka ndinakapeza pamwamba pa difu yanu, pamene munkaletsa paja. N'kamene kankaboola masilu anu, ndipo n'kamene katifikitsa lero m'malo mwa dzulo. Tikatule zonse ziwiri tsiku limodzi. Inu mukayambe ndi ya Esitere, ine ndidzatsiriza ndi iyi."

Ndinkayembekeza kuti akana, kapena anena kuti adani awo ndi amene anaikamo. Koma nkhope yawo inatuwa, n'kuyang'ana kumsewu kumene tinachokera.

"Mwachotsa? Ndiye kuchokera ku Mponela tayenda opanda kanthu?" anafunsa motero. "Alamu, tikafika bwanji ku Phalombe?"

"Mupemphere," ndinatero, n'kutenga kanthu kanga.

Ndipo anapempheradi. Ulendo wonse wobwerera anagwira chiwongolero ndi manja awiri, milomo ikuyenda, thukuta likutsika m'khosi, jekete atavula. Matola sananyamule ngakhale mmodzi. Ndikuganiza kuti limenelo ndi pemphero loyamba loona limene ndinawaonapo akupemphera. Difu sinadonthe mpaka kunyumba, ndipo mpaka lero pansi pa galimoto ija ndi pouma. Kutchalitchi dzina la Esitere silinawerengedwe. Amasoka mayunifolomu a ana a sukulu pakhonde la amayi, ndipo a Makawa masiku ano amalalikira za chakhumi.

Koma pobwerera paja, titaima pa Chingeni kuti ana akadzithandize, Esitere analankhula koyamba chichokereni ku esiteti. Tinali awiri kumbuyo kwa galimoto, pafupi ndi mbuzi.

"Dzulo ndinakhala kumsewu ndi ana mpaka dzuwa kulowa," anatero. "Galimoto iliyonse yoyera ndinkaimirira."

Anatambasula dzanja, ine n'kumasula chitenje n'kumupatsa. Anakatembenuza pachikhatho, kansalu kakuda ndi mkanda wake umodzi, kakununkha mazira owola.

"Ndi kameneka?"

"Ndi kameneka."

Anakayang'ana nthawi yaitali, kenako anandibwezera n'kupinda zala zanga pamwamba pake.

"Sungani, achemwali. Musadzakataye."